Mapu, setilaiti kapena buku la mijigo: deta iti ingakuthandizeni kuno Kum'mawa?

Kuno ku Zambia, kuyambira pamene ndalama za CDF (thumba la boma la chitukuko cha m'makonsitityuwense) zinakwera mu 2022, kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa konsitityuwense iliyonse, palibe msonkhano wa pawadi umene umatha osatchula mjigo kapena damu. Chilala cha 2023/2024, chija boma linalengeza pa 29 Febuluwale 2024 kuti ndi tsoka la dziko lonse, chinangokoleza moto. Lero mlimi wa ku Chipangali akufuna chitsime cha sola, komiti ya ku Sinda ikufuna kukonza damu lakale, wophunzira akusaka deta ya pulojekiti yake, ndipo wina ku Vubwi wamva za golide. Onsewa funso lawo ndi limodzi: ndiyambire pati kufufuza ndisanataye ndalama?

Pamisonkhano yotere sipalephera kuimirira mnyamata wa foni yaikulu n'kunena kuti masiku ano setilaiti imaona madzi a pansi. Siwaona ayi. Imaona masamba, dothi, mitambo ndi madzi amene ali poyera. Za pansi timachita kuziganizira potengera zimene zili pamwambazo, ndipo kuno kwathu kuganizira kumeneko n'kovuta chifukwa cha miyala imene takhalapo.

Kumtunda konse, kuyambira Nyimba, Petauke, Katete, Chipata mpaka Lundazi, pansi pake pali miyala yakalekale yolimba ya mtundu wa gneiss ndi granite. Mwala wotere sumwa madzi. Madzi amakhala malo awiri basi: m'gawo lapamwamba limene mwala unawola n'kufewa, ndi m'ming'alu ya thanthwe lapansi pake. Mng'alu ungakhale wopapatiza moti mjigo wa pano n'kutulutsa madzi osasimbika, wina woboola mamita 50 kuchoka pamenepo n'kungotulutsa fumbi. Kuchigwa cha Luangwa nkhani ndi ina, chifukwa kumeneko kuli miyala ya mchenga ndi ya matope yotchedwa Karoo, komanso mchenga wosiyidwa ndi mitsinje. Amene wamvetsa zimenezi wamvetsa kale chifukwa chake deta ya kutali imathandiza kusankha dera, koma singasankhe poimika makina.

Miyezo imene ndagwiritsa ntchito

Poyamba pa zonse funsani kuti detayo imaona chinthu chaching'ono motani. Tiyeni tiyezere pa lima, popeza tonse timaidziwa: mamita 50 uku, 50 uku. Pa mapu a sikelo ya 1:1,000,000, milimita imodzi ndi kilomita yathunthu, ndiye kuti lima yanu ndi yochepa kuposa nsonga ya pensulo. Chithunzi cha setilaiti chimapangidwa ndi timabokosi ting'onoting'ono, ndipo pa cha setilaiti ya Landsat lima imatenga timabokosi tosakwana titatu. Pa cha setilaiti ya Sentinel-2 imatenga timabokosi 25.

Kenako pali zinayi zimene ndaziyang'ana pa njira iliyonse. Mtengo, kuphatikizapo bandulo, ulendo ndi malipiro a munthu wodziwa kuiwerenga. Kapezekedwe, kutanthauza ngati munthu ali ku Chadiza angaipeze osakwera basi ya ku Lusaka. Kasamalidwe, ndiko kuisunga, kuiwonjezera ndi kukhala ndi makina oitsegulira. Pomaliza chiopsezo: kodi deta imeneyi ikamanama, imanama motani?

1. Mapu a miyala a boma

Awa amachokera ku Geological Survey Department ku Lusaka. Pali mapu a dziko lonse a 1:1,000,000, ndipo madera ena ali ndi mapu a 1:100,000 okhala ndi lipoti lofotokoza miyala ya m'deralo.

Mtengo. Pepala lenilenilo si lodula. Chodula ndi ulendo wa makilomita pafupifupi 570 pa Great East Road, kugona, ndi masiku otayika. Ngati muli ndi mbale wanu ku Lusaka, mtumeni, koma mumupatse manambala a GPS a malo anu, osati dzina la mudzi lokha.

Kapezekedwe. Si dziko lonse limene linajambulidwa pa 1:100,000, choncho funsani kaye ngati dera lanu lilipo. Mapu ambiri ndi a m'zaka za m'ma 1960 ndi 1970. Mu 2024 boma linayambitsa kafukufuku wa dziko lonse woyeza miyala kuchokera m'ndege, ndipo ntchitoyo linaipereka kwa kampani ya Xcalibur. Mukafika ku ofesi funsaninso za zotsatira za dera lanu.

Kasamalidwe. Miyala sikalamba, ndiye mapu a 1970 akugwirabe ntchito. Zokalamba ndi misewu ndi mayina a midzi olembedwapo. Pepalalo lijambulitseni pa sikana, ndipo munthu wodziwa QGIS, pulogalamu yaulere ya mapu, aliike pa kompyuta kuti ligwirizane ndi zithunzi za lero.

Chiopsezo. Pali msampha umene ine unandigwirapo. Mapu akale a Zambia amawerenga malo pa muyezo wa Arc 1950, pamene GPS ya m'foni imawerenga pa WGS84. Kusiyana kwake kungathe kuposa mamita 200. Tsiku lina ndinatenga manambala pa mapu akale n'kuwalowetsa m'foni osasintha, ndipo tinathera m'mawa wonse ndi a nyakwawa tikufunafuna mzere wa mwala woyera m'munda wa mtedza, pamene mwalawo unali tsidya lina la kamtsinje, poonekeratu. Chinanso, mzere wolekanitsa miyala iwiri pa mapu unajambulidwa ndi munthu amene anayenda wapansi ndi nyundo, ndipo pamene dothi linabisa thanthwe anangoyerekeza. Musautenge ngati malire a munda.

2. Mapu a madzi a pansi a Africa yonse

Bungwe la British Geological Survey lili ndi Africa Groundwater Atlas pa intaneti, ndipo Zambia ili ndi tsamba lake.

Mtengo. Ndi yaulere, bandulo yakenso ndi yochepa. Kapezekedwe. Imatsegulika ngakhale pa foni, koma ndi ya m'Chingerezi cha akatswiri. Kasamalidwe. Palibe chosamala, mumangowerenga. Chiopsezo. Mapu ake ndi a 1:5,000,000, milimita imodzi kuimira makilomita 5. Adzakuuzani kuti kumtunda kuno miyala yake imapereka madzi ochepa kapena apakatikati, zimene n'zoona, koma Katete yense angakhale wa mtundu umodzi. Ndi yabwino polemba mawu oyamba a pempho la ndalama ndi pophunzira. Poboola ayi.

3. Zithunzi za Landsat ndi Sentinel-2

Apa ndiye pamene pali phindu lalikulu ndi bodza lalikulu lomwe, choncho ndikhalapo pang'ono.

Landsat ndi ya America. Inayamba mu 1972, ndipo kuyambira 2008 zithunzi zake zonse ndi zaulere. Kabokosi kake ndi mamita 30. Pano zikugwira ntchito ziwiri, Landsat 8 ya mu 2013 ndi Landsat 9 ya mu 2021, ndipo pamodzi zimajambula malo amodzi masiku 8 alionse. Sentinel-2 ndi ya ku Ulaya, inayamba mu 2015, kabokosi kake kakang'ono kwambiri ndi mamita 10, ndipo imabwerera masiku 5 alionse. Mwachidule, Sentinel-2 imaona bwino koma ndi mwana wa dzulo, Landsat maso ake ndi ofooka koma imakumbukira zakale. Wofuna kudziwa mmene dambo linalili asanayambe kuumbamo njerwa apite kwa Landsat. Wofuna kuona madimba a chaka chino apite kwa Sentinel-2.

Mtengo. Zithunzi ndi zaulere, koma fayilo imodzi ingafike pafupifupi gigabayiti yathunthu. Mukafuna zithunzi khumi za nyengo zosiyana, bandulo ya mwezi yapita. Njira yopulumukira ndiyo kusakopera konse. Digital Earth Africa ili ndi mapu otsegula pa intaneti, ndipo ili ndi malo amene kuwerengera konse kumachitikira pa makompyuta awo, inu n'kungolandira zotsatira. Google Earth Engine imachitanso chimodzimodzi, yaulere kwa ophunzira ndi ofufuza, koma a bizinesi amalipira. Zonse ziwiri, mukafuna kupitirira kungoyang'ana, zimafuna munthu wodziwa kulemba makodi pang'ono.

Kapezekedwe. Landsat mumaipeza pa tsamba la intaneti la EarthExplorer, Sentinel pa la Copernicus Data Space, mutalembetsa ndi imelo. Vuto si khomo, vuto ndi thambo. Kuyambira Disembala mpaka Malichi, nthawi imene mlimi akufunitsitsa kuona mbewu zake, zithunzi zambiri zimakhala mitambo yokhayokha. Ogasiti mpaka Okutobala kumabwera utsi wa moto wa m'tchire, ndipo lupsa limadetsa malo ambiri. Zithunzi zoyera bwino ndi za Meyi, Juni ndi Julaye. Ilipo Sentinel-1, ya radar, imene imapyola mitambo ndipo ndi yothandiza poona pamene Luangwa wasefukira, koma chithunzi chake sichioneka ngati cha kamera, ndipo munthu wosaphunzira sangachitanthauzire.

Kasamalidwe. Mufunika laputopu yamphamvu ndithu, hadi disiki yapadera, ndi magetsi. Amene anayesa kugwira ntchito yotere kumapeto kwa 2024, madzi atachepa ku Kariba, akudziwa kuti magetsiwo si nkhani yaing'ono. Lembani tsiku la chithunzi pa dzina la fayilo iliyonse, chifukwa chithunzi chosadziwika tsiku n'chopanda ntchito.

Chiopsezo. Njira yodziwika pofuna madzi ndiyo kutenga chithunzi cha kumapeto kwa Seputembala kapena Okutobala n'kuyang'ana pamene pakadali pobiriwira, chonse chitauma. Nthawi zambiri pamenepo madzi ali pafupi. Koma mango a pamudzi nawonso amabiriwira m'Okutobala, bulugamu chimodzimodzi, dimba lothirira ndi pampu chimodzimodzi. Njira ina ndiyo kufuna mizere yowongoka yaitali, mmene mtsinje wayenda molunjika kapena phiri laduka, poganiza kuti pansi pake pali mng'alu waukulu. Zimagwira, koma msewu wakale, njira ya mawaya a magetsi ndi malire a mafamu zonse zimaoneka ngati mizere yomweyo. Anthu awiri mukawapatsa chithunzi chimodzi sajambula mizere yofanana. Choncho mzere wa pa kompyuta ndi malo oti mukapondepo ndi mapazi, osati oitanirapo makina.

Pa madamu zithunzizi zimachita bwino. Digital Earth Africa ili ndi deta yotchedwa Water Observations from Space, yochokera ku Landsat kuyambira m'ma 1980, yosonyeza kuti kabokosi kalikonse kanapezeka ndi madzi kangati. Damu lalikulu ngati la Lutembwe limaoneka bwino mmene limakulira ndi kuphwera. Kadamu ka lima imodzi kangathe kusowa, ndipo mthunzi wa phiri nthawi zina umawerengedwa ngati madzi. Komanso imaona kutambalala kokha. Damu lodzaza matope, loti mwana n'kuwoloka madzi akulekeza m'mawondo, kumwambako limaoneka lodzaza bwinobwino. Zithunzi za m'ma 1980 ndi 1990 za kuno n'zapatalipatali, ndipo za Landsat 7 kuyambira Meyi 2003 zili ndi mizere yopanda kanthu chifukwa chipangizo china chinawonongeka.

4. Deta ya kukwera ndi kutsika kwa nthaka

SRTM inayezedwa ndi radar kuchokera m'chombo cha Endeavour mu Febuluwale 2000, ndipo ya mamita 30 ya Africa inatulutsidwa mu 2014. Palinso Copernicus DEM, ya mamita 30 yomwe, yoyezedwa pambuyo pake.

Mtengo. Yaulere, mafayilo ake ndi aang'ono. Kapezekedwe. Malo omwe aja a Landsat ndi Sentinel. Kasamalidwe. Mumakopera kamodzi basi, mapiri sasamuka.

Chiopsezo. Imatha kuphonya ndi mamita angapo pa kutalika, ndipo pamene pali nkhalango imayeza nsonga za mitengo mbali ina. Ntchito yake yeniyeni ndiyo kudziwa kukula kwa dera limene limatsanulira madzi pamalo amene mukufuna kutseka. Nambala imeneyo ndi yofunika zedi, chifukwa madamu ambiri a dothi amaphulika osati posowa madzi koma pochulukirwa, ngalande yotayira itachepa. Koma khoma la mamita 5 simungalipangire pulani ndi deta imene ingaphonye ndi mamita 5. Pamenepo pamafunika saveya ndi levulo yake.

5. Mvula: ya setilaiti, ya boma, ndi yanu

CHIRPS, ya ku yunivesite ya California ku Santa Barbara, imayambira 1981 ndipo kabokosi kake ndi pafupifupi makilomita 5 ndi theka. TAMSAT, ya ku yunivesite ya Reading, imayambira 1983, kabokosi pafupifupi makilomita 4. Zonsezi siziyeza madontho. Zimayeza kuzizira kwa nsonga za mitambo, n'kuyerekeza mvula, n'kukonza ndi manambala a masiteshoni a pansi. A Zambia Meteorological Department ndiwo ali ndi zoyezera zenizeni, monga ku Msekera, Lundazi, Petauke ndi Mfuwe.

Mtengo. CHIRPS ndi TAMSAT ndi zaulere. Deta ya siteshoni imafuna kalata yopempha, ndipo konzekerani kuti pangakhale kolipira. Choyezera mvula chanu cha pulasitiki n'chotsika mtengo.

Kapezekedwe. Ya setilaiti ilipo ya mudzi uliwonse, ya zaka zoposa 40, yopanda mipata. Masiteshoni ndi ochepa pa chigawo chachikulu chotere, ndipo mabuku ena ali ndi miyezi yosalembedwa.

Kasamalidwe. Choyezera chanu chimafuna munthu wokhulupirika wowerenga nthawi imodzimodzi m'mawa uliwonse, Lamlungu lomwe, n'kulemba 0 tsiku lopanda mvula. Kusiya mpata wosalemba ndiko kumawononga mabuku ambiri, chifukwa chaka chamawa palibe adzadziwe ngati sinagwe kapena wowerenga anali kumaliro. Pasukulu ndiye malo abwino, kutali ndi mitengo ndi denga.

Chiopsezo. Kabokosi kamodzi ka CHIRPS ndi mahekitala pafupifupi 3,000, pamene tonse timadziwa mvula yogwa kwa aneba n'kulekeza pa msewu. Pa chiwerengero cha mwezi kapena cha nyengo yonse imayandikira zoona. Pa mvula ya tsiku limodzi, makamaka yamkuntho, imaphonya. Ichi n'chifukwa chake inshuwalansi ya nyengo ya mu FISP (pulogalamu ya boma ya feteleza ndi mbewu), imene imadalira mvula yoyezedwa ndi setilaiti, nthawi zina imasiyana ndi zimene mlimi waona m'munda mwake. Sikuti wina wanama. Awiriwo akuyeza zinthu zosiyana kukula.

Ndingotchula GRACE podutsa, popeza ophunzira amaikonda. Masetilaiti amenewa, a 2002 mpaka 2017 ndi olowa m'malo awo a 2018, amayeza kusintha kwa kulemera kwa madzi onse a m'dera, a pansi omwe. Ndiyo yokha imene tinganene kuti imamva madzi a pansi. Koma imaona dera la makilomita pafupifupi 300, kutanthauza kuti Chipata, Katete ndi Lilongwe ili m'thumba limodzi. Pa nkhani ya chitsime iiwaleni.

6. Zolembedwa za mijigo yoyandikana nanu

Ngati mungandifunse deta imodzi yoti ndisankhe pofuna madzi, ndi iyi, ngakhale ilibe mitundu yokongola. Mjigo uliwonse ndi diso limene linaonadi pansi. Lipoti labwino la mjigo limanena kuya kwake, pamene dothi linathera n'kuyamba thanthwe, mamita amene madzi anapezeka, pamene madzi amaima, kuchuluka kwake pa sekondi, ndi mmene mapaipi anaikidwira.

Mtengo. Nsapato ndi nthawi. Mwina mafuta a njinga yamoto.

Kapezekedwe. Bungwe la WARMA, loyang'anira madzi m'dziko muno, linakhazikitsidwa pa lamulo la madzi la 2011, ndipo malamulo a 2018 amafuna kuti oboola akhale ndi laisensi, mijigo ilembetsedwe, ndipo malipoti aperekedwe. Choncho ya posachedwapa yambirani kumeneko. Yakale funsani ku ofesi ya zamadzi ya chigawo ku Chipata, kukhonsolo ya boma lanu, ndi kumabungwe kapena mipingo imene inalipira. Mudzapeza ina, ina simudzaipeza. Mipata yotsalayo amadzaza ndi anthu: okonza mijigo a m'dera amadziwa kuti mjigo uliwonse uli ndi mapaipi angati, chifukwa ndiwo amawazula, ndipo paipi ya pampu ya India Mark II ndi mamita 3. A komiti ya V-WASHE, yoyang'anira madzi ndi ukhondo pamudzi, amadziwa chaka chimene unaboola. Amayi otunga amadziwa umene umayamba kutsokomola m'Okutobala, umene madzi ake amafiiritsa nsima, ndi umene umakoma mchere. Agogo amadziwa pamene panali chitsime chosaphwa chisanakwiririke. Safunsa anadya phula.

Kasamalidwe. Apa ndiye pogona ntchito. Buku limodzi lachikuto cholimba likwanira, kapena foni yokhala ndi pulogalamu yolembera deta ya mWater kapena KoboToolbox, zimene zimagwira popanda netiweki n'kutumiza pambuyo. Lembani manambala a GPS, kuya, ndi mmene madzi alili kawiri pachaka, mu Epulo mvula itangotha ndi kumapeto kwa Okutobala. Pa zitsime zokumba ndi manja chingwe ndi tepi zikwanira. Kuchuluka kwa madzi yezani ndi chidebe cha malita 20 ndi wotchi ya m'foni: chikadzaza m'masekondi 80, ndiye kuti ndi kota ya lita pa sekondi, zokwanira pampu ya manja. Bukulo likhale la komiti, osati la munthu, pakuti ogwira ntchito amasamutsidwa n'kupita nalo.

Chiopsezo. Chachikulu n'chakuti mijigo youma siilembedwa kawirikawiri. Oboola amakwirira n'kusamukira pena, ndiye m'mabuku mumatsala opambana okhaokha, dera n'kumaoneka ngati la madzi. Funsani mwadala kuti, kodi ndi pati pamene anaboola n'kulephera? Yankho limenelo ndi lamtengo kuposa ena onse. Chachiwiri, nambala ya madzi imene imalembedwa makina akupemerera mpweya m'dzenje imakonda kukhala yokwera. Yodalirika ndi ya kupopa kwa maola ambiri, akuyeza mmene madzi akutsikira ndi mmene akubwererera. Chachitatu, manambala a malo a m'malipoti akale mwina ndi a Arc 1950 uja, mwina anangolemba dzina la mudzi, ndipo midzi ya mayina ofanana ndi yambiri.

7. Kuyeza ndi magetsi pamalo penipeni

Uku ndi kupanga deta yanuyanu. Katswiri amakhoma zitsulo zinayi pansi, n'kulowetsa magetsi ochepa, n'kuyeza mmene nthaka ikuwakanira. Thanthwe louma limakana kwambiri, mwala wowola wonyowa umalola. Akamatalikitsa zitsulo amamva zakuya.

Mtengo. Iyi ndiyo yodula pa zonse zili pano, koma ndi kachigawo chabe ka mtengo wa mjigo wouma. Funsani mitengo kwa anthu osachepera atatu.

Kapezekedwe. Oboola ambiri amabwera ndi woyeza wawo. Ine ndimakonda woyeza wosadya nawo za kuboola, makamaka ngati pangano likuti mulipira ngakhale dzenje liume.

Kasamalidwe. Umirirani kuti akusiyireni manambala enieni amene anawerenga, manambala a GPS a poyeza paliponse, ndi lipoti. Chikhomo chingazulidwe ndi ana kapena ng'ombe. Ndi manambalawo katswiri wina angaunikenso.

Chiopsezo. Makinawa sayeza madzi, amayeza kukana magetsi. Dongo lonyowa la m'dambo limalola magetsi kuposa mwala wa madzi, koma silitulutsa kanthu. Mawaya a mpanda, mapaipi okwiriridwa ndi mizere ya magetsi zimasokoneza, choncho pa puloti yaing'ono ya m'tauni zotsatira zimakhala zofooka. Woyeza amene wangoyeza malo amodzi pafupi ndi pamene galimoto yaima sanagwire ntchito. Ayambe wayenda mzere wodutsa malo onse, kenako azamitse pa malo awiri kapena atatu. Chenjeraninso ndi timakina tina totulutsa chithunzi cha mitundumitundu pa foni m'mphindi zisanu, buluu n'kukuuzani kuti ndiwo madzi. Mufunseni mwini wake kuti kakuyeza chiyani kwenikweni. Za oyenda ndi timitengo kapena kokonati sindilimbana nazo, koma kumene madzi ali paliponse aliyense amalosera molondola.

Tsono inu mutenge iti?

Ngati ndinu komiti yofuna mjigo wa pampu ya manja kumtunda kuno, yambani ndi nambala 6: mijigo ndi zitsime zonse za mkati mwa makilomita awiri kapena atatu, youma yomwe. Yang'anani chithunzi cha Okutobala kuti musankhe malo angapo, mutalikirane ndi zimbudzi, makola ndi manda, kenako itanani woyeza ndi magetsi. Mapu a miyala ngosafunika kukwerera basi pa mjigo umodzi.

Ngati mukufuna kuthirira ndi sola, werengani kaye madzi. Lima imodzi pa mamilimita 5 pa tsiku imamwa malita 12,500. Mjigo wa kota ya lita pa sekondi ungafune maola pafupifupi 14 kuti uwatulutse, ndipo dzuwa silipopa maola amenewo. Inu mufunika zonse za komiti ija, kuwonjezapo mizere ya pa Sentinel-2 yowerengedwa ndi katswiri, ndi kupopa koyesa musanagule pampu ndi mapanelo.

Ngati nkhani ndi damu, tengani SRTM kapena Copernicus DEM pa kukula kwa dera lotsanulira madzi, CHIRPS pa mvula ya zaka zambiri, manambala a siteshoni yapafupi pa mvula yamkuntho, ndi Water Observations from Space ngati damulo lilipo kale. Kuya kwa matope kayezeni ndi bwato ndi nsungwi. Pulani ya khoma ndi ya injiniya, ndipo chilolezo chotsekera madzi n'cha ku WARMA.

Ngati muli kuchigwa, ku Mambwe kapena Chama, mapu a miyala amakhala ndi phindu lalikulu chifukwa kusiyana kwa mwala wa mchenga ndi wa matope ndiko kumalamula madzi. Onjezani Sentinel-1 kuti mudziwe pofika madzi osefukira, ndipo madzi a mjigo watsopano apite ku labotale anthu asanayambe kumwa.

Ngati mwamva za golide kapena miyala ya mtengo wapatali ngati aquamarine wa ku Lundazi, setilaiti yaulere sikuonetsani mtsempha wa mita imodzi. Tsegulani kaye mapu a malaisensi a migodi pa intaneti, a Mining Cadastre, muone ngati malowo alibe kale mwini. Kenako mapu a 1:100,000 ndi lipoti lake, kenako miyala ipite kukapimidwa.

Ngati ndinu wophunzira wokhala ndi laputopu yakale ndi bandulo ya mlungu, musakopere zithunzi. Gwirani ntchito pa Digital Earth Africa, tengani CHIRPS ya boma limodzi, ndipo sankhani funso limene mungalitsimikize ndi njinga: madamu 10 a ku Katete, kapena zitsime 30 za wadi imodzi zoyezedwa mu Epulo ndi mu Okutobala. Kope limodzi la zimene mwapeza mukalisiye kukhonsolo, lina kwa mlembi wa V-WASHE.